Banja la ku India layamba kupukwa: chimathandizadi n'chiyani?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu amene mumalandira kapena kugwira ntchito ndi anthu ochokera ku India. Kampani ikaitanitsa katswiri wa makina kuchokera kumeneko, miyezi iwiri yoyamba zonse zimayenda. Pofika mwezi wachitatu munthu amayamba kuwonda, kupsa mtima msanga, akazi ake satuluka m'nyumba, kenako mumangomva kuti akufuna kusiya ntchito abwerere kwawo. Ku Kanengo kuli banja lina la ku Tamil Nadu, chigawo cha kumwera kwa India, lomwe lafika pamenepa: bambo, mayi ndi mwana wa zaka 7. Tiwathandize bwanji? Chonde zenizeni, osati zongoti azolowera.

Bambo a Tadala: Achemwali, yambani ndi wotchi. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Ikamakwana 6 koloko madzulo kuno, kumeneko ndi 9:30 usiku. Ikati 7 koloko, kwawo ndi 10:30, makolo agona kale. Ndiye munthu woweruka 5 koloko ali ndi kanthawi kochepa chabe koyankhula ndi abale ake, ndipo tsiku limene makina avuta n'kutuluka mochedwa, kanthawiko kapita.

Onjezanipo izi: kuno dzuwa likangolowa, misewu imati zii. Ku Chennai kapena ku Coimbatore, mizinda ya ku Tamil Nadu, 9 koloko usiku masitolo amakhala akadali otsegula, anthu akuyenda pansi, ndipo mabanja ambiri ndi pamene amadya chakudya chamadzulo. Choncho kupukwa kumaluma kwambiri pakati pa 7 ndi 10 usiku: kunja kuli mdima, kwawo agona, mumpanda muli mlonda ndi galu basi.

Chochita ndi kusuntha nthawi yoimba foni. Nthawi ya nkhomaliro, 12:30 kuno, kwawo ndi 4 koloko, makolo ali pa tiyi. Kapena 5:30 m'mawa, kwawo ndi 9 koloko. Ikhale nthawi yokhazikika, mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse, yaitali Lamlungu. Foni ya vidiyo yotsegula tsiku lonse si yabwino: thupi limakhala ku Lilongwe mtima uli kwawo ku Madurai, ndipo munthu safika n'komwe kuno.

Che Jafali: Ine ndichenjezeko pa chinthu chimene mabwana ambiri amachita ndi mtima wabwino. Amati, "Tiwatengere kwa Amwenye anzawo ku Area 2, akacheze." Sizigwira kawirikawiri. Mabanja akale a ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat ndi madera oyandikana nawo m'nthawi ya atsamunda. Pakhomo amayankhula Chigujarati kapena Chimemoni, pamalonda Chichewa ndi Chingerezi. Ambiri anabadwira konkuno, ndipo boma la a Kamuzu litawachotsa m'maboma ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1970 n'kuwasiyira mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba, abale awo ochuluka anasamukira ku Britain, makamaka ku Leicester. Kwa iwo kumudzi ndi kuno kapena ku Leicester, osati ku India kwenikweni.

Munthu wa ku Tamil Nadu chiyankhulo chake ndi Chitamil, chosiyana kotheratu ndi Chigujarati, ndipo mwina ngakhale Chihindi sachidziwa. Malamulo aakulu a dziko la India amatchula ziyankhulo 22. Zakudya n'zosiyana, zikondwerero n'zosiyana, komanso uyu ndi wolembedwa ntchito pamene aja ndi eni mabizinesi. Adzamulandira mwaulemu, adzamupatsa tiyi, koma sadzabwererako.

Mufunseni zinthu zitatu: akuchokera chigawo chiti, pakhomo amayankhula chiyani, amadya chiyani. Mukatero mufufuze anthu a chiyankhulo chake. Ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, yomwe inatsegulidwanso mu 2012, imasonkhanitsa anthu awo pa 26 Januwale ndi pa 15 Ogasiti, masiku a zikondwerero za dziko lawo, ndipo n'kumene magulu a WhatsApp a Atamil, Atelugu ndi a ku Kerala amapezana. Ku kachisi wa Ahindu nakonso. Ngati ali Akhristu, funsani ku parishi, chifukwa masisitere ndi ansembe a ku India alipo m'dziko muno.

Nachisale: Awa ndi Ahindu, nyama sadya, mazira bambo okha. Mayi akuti chakudya cha kuno sichikuwalowa.

Mayi a Zainab: Pamenepo ndiye pagona nkhani, Nachisale. Munthu wa kumwera kwa India akatha sabata osadya sambar (msuzi wa nandolo, masamba ndi bwemba) ndi mpunga amamva ngati mmene inu mungamvere mutatha sabata osagwira nsima. Chosangalatsa n'choti zambiri zimene akusowa zili pamsika pathu pomwepa, iwo sakudziwa mayina ake basi.

Toor dal ndi nandolo wouma wochotsa makoko n'kumugawa pakati. Nandolo wa ku Mulanje, Phalombe ndi Mwanza amapita ku India komweko. Mu 2021 maiko awiriwa anasainirana pangano loti India izigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Agule wogawa kale m'masitolo a Amwenye, chifukwa wamakoko satibuka bwino. Tamarind ndi bwemba. Drumstick ndi zitheba za cham'mwamba, zimapezeka ku Salima, Chikwawa ndi Nsanje, ndipo mtengo wake umagwira pongozika nthambi. Keerai ndi bonongwe. Vendakkai ndi therere lobala. Moong ndi mphodza, chana ndi tchana, ragi ndi mawere, lobia ndi khobwe, ellu ndi chitowe. Mabiringanya, maungu, chinangwa, nthochi zaziwisi, zonse amadya. Mulembereni mayina amenewa papepala, mbali ino Chitamil mbali inayo Chichewa, apite nalo kumsika.

Sambar ya anthu atatu: kapu imodzi ya dal, makapu atatu a madzi, kasupuni ka turmeric, mu pressure cooker ilire kanayi kapena kasanu. Bwemba wochuluka ngati ndimu yaing'ono amuviike m'madzi otentha mphindi 15, afinye, asefe. Bwembayo alowe dal atapsa kale. Akamuthira poyamba, kuwawasa kwake kumalimbitsa dal ndipo safewa ngakhale awire ola lathunthu. Nandolo wogonera chaka amafuna kuviikidwa theka la ola asanaphikidwe.

Zimene kuno n'zovuta kapena n'zodula ndi urad dal (mtundu wa mphodza zakuda), zonunkhiritsa ndiwo monga hing, mbewu za mustard zazing'ono ndi methi, komanso ufa wa sambar wa kwawo. Zimenezi ndi zopepuka, aliyense wobwera kuchokera ku India azinyamulako, zomata bwino m'mapaketi a kufakitale. Masamba a curry asavutike nawo: pafupifupi pakhomo lililonse la Amwenye akale pali mtengo wake, ndipo umatulutsa mphukira m'mizu. Apemphe imodzi, abzale mu ndowa, pakatha miyezi ingapo azithyola. Apa ndiye mabanja akale aja amathandiza, Che Jafali.

Che Jafali: Pa mtengowo ndavomera, mayi.

Anaphiri a ku Area 47: Ndionjezepo za idli (timikate tophika ndi nthunzi) ndi dosa (chitumbuwa chopyapyala), chifukwa kwa Atamil chimenecho ndiye chakudya cham'mawa, ndipo n'chimene chimakanika kwambiri kuno. Muyeso wake: makapu atatu kapena anayi a mpunga pa kapu imodzi ya urad dal, ndi kasupuni ka methi. Aviike padera maola anayi kufika asanu ndi limodzi, apere padera, asakanize ndi dzanja, athire mchere, asiye usiku wonse kuti ufufume.

Chimalakwika ndi kuzizira. Ku Chennai usiku kumakhala kofunda chaka chonse, ndipo phalalo limafufuma lokha pa maola 8. Ku Lilongwe ndi Blantyre, pamtunda wa mamita oposa 1,000, usiku wa Juni ndi Julaye umatsika kufika madigiri 10 kapena kucheperapo. Phala limangokhala phee, idli imatuluka yolimba, mayi n'kumaganiza kuti manja awo aiwala kuphika. Aike mbale mu uvuni wozimitsa koma nyale yake ili yoyaka, kapena aifunditse bulangete pambali pa botolo la madzi otentha, ndipo apirire maola 14 kufika 18. M'nyengo yozizira mchere authire phala litafufuma kale. Mu Okutobala zimatembenuka: maola 6 akwana, likapitirira limasasa.

Chachiwiri ndi mpunga. Kilombero ndi wabwino kudyera sambar, koma pa idli yekha amamata. Pamafunika mpunga wofutsa uja amati parboiled. Ukasowa, aponyemo dzanja limodzi la mpunga wophika kale popera. Chachitatu, chopera chikatentha chimapha mphamvu ya urad, ndiye azipera ndi madzi a mufiriji, pang'onopang'ono.

Za yogati: lita imodzi ya mkaka awiritse, azizitse kufikira chala chitha kupirira, athire supuni imodzi ya yogati wosatsekemera, avundikire maola 6 kufika 8 pamalo ofunda. Mpunga wosakaniza ndi yogati ndiwo umatsiriza chakudya kwa Atamil, ndipo mwana wa zaka 7 amene akukana zonse nthawi zambiri umenewu amadya. Chambiko nacho chimathandiza: kusungunula ndi madzi, mchere pang'ono, jinja ndi masamba a curry, chimafanana ndi chakumwa chawo chotchedwa neer mor.

Amisiri a Mbewe: Za zipangizo. Magetsi a ku India ndi athu ndi ofanana, 230V pa 50Hz, ndiye chopera chawo chimagwira popanda transifoma. Kusiyana ndi pulagi: yawo ndi ya mano ozungulira, yathu ndi ya mano atatu aphwatalala. Asamakakamize ndi kamtengo m'soketi, adule aike pulagi yathu yokhala ndi fyuzi. Chopera cha 750W chimakoka mphamvu yambiri poyamba kuzungulira, ndiye invheta yaing'ono ya panyumba imazima. Azipera magetsi alipo, phala la masiku atatu nthawi imodzi, ndipo aike chotetezera chifukwa magetsi akamabwerera ndi pamene mamota amapsa.

Ngati nyumba ya kampani ili ndi kuka ya magetsi yokha, guleni ya gasi ya mbale ziwiri. Kaphikidwe kawo kamafuna moto wosintha msanga, ndipo kuzima kwa magetsi kusamawagonetse ndi njala. Regulator ya ku India sigwira pa masilinda a kuno, agule konkuno. Pressure cooker ya Prestige kapena Hawkins imatha raba ndi kavalavu kachitetezo. Zimenezi kuno kupeza saizi yake n'kovuta, ayitanitse ziwiriziwiri.

Mphwanga wa ku Ndirande: Koma abale, tikhala tikuwanyengerera chonchi mpaka liti? Anthuwa ena amakalipira antchito ngati ana, wantchito wam'nyumba amamupatsa kapu yake yapadera, pamaliro safuna kupereka tchuthi. Ife tikapita kwawo atiphikira nsima? Muiwala kuti mu 2018 anthu ku Blantyre anakana chiboliboli cha Gandhi mpaka kukatenga chiletso kukhoti? Panali chifukwa.

Agogo a Chisomo: Mphwanga, zimene mwanenazo n'zoona ndipo zisabisidwe. Koma zikugwirizana ndi funso la Nachisale kuposa mmene mukuganizira. Mlendo amene sanauzidwe makhalidwe a kuno amalakwira anthu sabata yoyamba, anthu amamutalikira, iye n'kusungulumwa, kusungulumwako kumasanduka ukali, ukaliwo n'kuwonjezera chidani. Ndiye wina amene amamulemekeza, wamkulu msinkhu, amukhazike pansi amuuze mosapsatira.

Moni ayambe, ntchito pambuyo. Kumafakitale a kwawo kulowa n'kungoti "makina aja bwanji" si mwano, kuno ndi mwano. Kudzudzula munthu pagulu mokweza mawu, Mmalawi sayankha, amangoti "chabwino bwana", koma kuyambira tsiku limenelo sadzakuuzanso makina akayamba kulira modabwitsa. Amuitanire pambali. Komanso "chabwino" sikutanthauza kuti wavomera, monganso kupukusa mutu kwawo kuja sikutanthauza kukana. Nthawi zambiri ndi "ndamva" kapena "eya". Antchito auzidwenso zimenezi, chifukwa kusamvana kuli mbali zonse.

Za maliro: wantchito akaferedwa amapita, ndipo bwana amapereka chipepeso, ngati n'kotheka amafikako, amakhala pansi kumbali ya abambo ngakhale theka la ola. Akaona masamba atayalidwa pamsewu achepetse liwiro, azimitse wailesi. Mlendo amene waonekera pamaliro kamodzi kokha anthu amamuona mosiyana kuyambira pamenepo.

Za kapu yapadera: kwawo zimachokera ku miyambo ya ukhondo wachipembedzo ndi kusankhana mitundu, ndipo ngakhale ku India komweko malamulo aakulu a dziko a 1950 anathetsa mchitidwe woona anthu ena ngati osakhudzika. Auzidwe kuti kuno n'chipongwe. Chimene angapemphe mwaulemu n'choti nyama ndi nsomba zisaphikidwe m'mapoto awo. Agule poto ndi mbaula yapadera ya zimenezo, afotokoze chifukwa chake, palibe amene angakhumudwe. Nsapato kuvula pakhomo, zimenezo n'zosavuta.

Anaphiri a ku Area 47: Ndipo inu mukawaitana kwanu, samalani ndiwo. Munthu wosadya nyama sadyanso usipa, matemba, kapena masamba othira kyubu ya nkhuku. Supuni yotakasira nyama isalowe mu nyemba. Nsima, nyemba, chisoso kapena nkhwani wotendera, tsabola wa kambuzi pambali, amadya bwino, ndipo kudya ndi dzanja lamanja n'kwawo komwe. Akakana ulendo woyamba muwapatsenso, kwawo kukana kamodzi ndi ulemu.

Mlangizi Kumwenda: Ine ndikhudze ndalama, chifukwa zina zimene timazitcha kupukwa ndi nkhawa ya ngongole. Munthuyu kawirikawiri amasiya kwawo ngongole ya nyumba yobweza mwezi uliwonse, makolo odwala, mwina mlongo woti akwatiwe. Anawerengera malipiro ake mu rupee asananyamuke. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ngakhale ndalama ili mu akaunti, kupeza madola kubanki kumatenga nthawi. Ngongole ya ku India sidikira. Nachisale, onani kontrakiti: kodi malipiro alembedwa mu ndalama yanji, ndipo gawo lotumiza kwawo limadutsa njira iti, tsiku liti? Banki imafuna chilolezo chogwirira ntchito cha TEP, kontrakiti ndi mapepala a malipiro osonyeza msonkho. Ngati TEP sinatuluke, zonse zimaima, ndipo wofunsira TEP ku Immigration ndi olemba ntchito, osati iye. Asakhale akuyenda ndi risiti chabe miyezi isanu ndi umodzi.

Mbali ya ku India, akakhala kunja pa ntchito ayenera kusintha akaunti yake yakale kukhala ya NRO, ndi kutsegula ya NRE yolandirira ndalama zochokera kunja (onsewa ndi maakaunti a Amwenye okhala kunja). Chiwongoladzanja cha NRE sichidulidwa msonkho ku India, cha NRO chimadulidwa. Chaka cha msonkho kumeneko chimayamba 1 Epulo kutha 31 Malichi, ndipo masiku amene wakhala m'dzikomo amawerengedwa. Malire odziwika oona ngati munthu awerengedwe kuti ndi wokhala m'dzikomo pa msonkho ndi masiku 182. Amene wanyamuka mochedwa m'chaka afunse wowerengera ndalama kwawo.

Kanthu kakang'ono koma kopweteka: simukadi. Banki ya ku India, Aadhaar (chiphaso cha boma la kumeneko), ngakhale kulipira bilu ya magetsi ya makolo, zonse zimatumiza nambala yachinsinsi ku foni ya ku India. Ambiri akaona Airtel kuno amayesa ndi imodzimodzi ndi ya kwawo, poti kampani ya ku India ya Bharti Airtel inagula Zain ya mu Africa mu 2010. Ayi, ndi manetiweki awiri. Simu ya ku India ikhale mu foni ya masimu awiri, roaming ikhale yotsegula, ndipo wachibale aziilipirira nthawi isanathe. Ikakhala masiku pafupifupi 90 osagwira ntchito itha kutsekedwa n'kuperekedwa kwa wina, ndipo kuibweza uli kunja n'kovuta zedi.

Nabanda: Nonse mwakamba za bambo ndi khitchini. Amene amathetsa kontrakiti ndi mayi. Bambo ali ndi ntchito, anzawo, dalaivala. Mayi mwina ali ndi digiri, mwina ankaphunzitsa kapena kugwira ntchito kubanki, koma chilolezo chimene analowera monga mkazi wa mwini TEP sichiwalola kulembedwa ntchito. Kwawo ankakhala m'nyumba zosanjikizana, khomo kuyang'anizana ndi khomo, wogulitsa masamba akudutsa pansi, amayi awo ali pamtunda wa basi imodzi. Kuno mwawaika m'nyumba yaikulu ya mpanda wa waya wamagetsi, mukuyesa mwawalemekeza. Kuyambira 7 m'mawa mpaka 6 madzulo sayankhula ndi munthu wamkulu aliyense.

Ngati n'kotheka asamukire pa mpanda wa nyumba zingapo, ngakhale yaing'ono, pomwe pali ana ena. Mayendedwe akhale awoawo, osadikira galimoto ya kampani: kaya dalaivala wa takisi wodziwika wolipidwa pamwezi, kaya aziyendetsa okha, poti ku India nakonso amayenda kumanzere. Sabata ikhale ndi zochitika zitatu zokhazikika kunja kwa nyumba: tsiku la msika limodzi ndi mayi wina wachimalawi, tsiku la kachisi kapena la amayi anzawo a Chitamil, ndi lina kusukulu ya mwana. Aphunzire Chichewa cha pamsika, mawu makumi atatu okha: moni, zingati, tsitsaniko, basera, zikomo. Amayi a pamsika akangoyamba kuwaitana ndi dzina la mwana wawo, mudzaona kusintha. Za ntchito yongodzipereka kusukulu kapena kuchipatala, ayambe afunsa a Immigration.

Mwananso: sukulu za CBSE (zotsata silabasi ya boma lalikulu la India) kwawo zimayamba Epulo, zambiri za ku Tamil Nadu Juni, pamene kuno ndi Seputembala. Amafika pakati pa chaka, ena apalana kale ubwenzi. Ngati adzabwerere, asasiye kuwerenga ndi kulemba Chitamil, mphindi 20 patsiku, chifukwa akadzabwerera adzachifuna m'kalasi.

Adokotala a gulu: Musanatche zonse kupukwa, thupi liyezedwe. Kutopa, kuwonda ndi kusagona zili ndi zifukwa zina. Anthu osadya nyama amaperewera vitamini B12 ndi ayironi, ndipo vuto la chithokomiro si lachilendo mwa amayi. Kuyeza magazi kamodzi kumayankha zimenezi.

Choopsa ndi malungo. Ku India anthu anazolowera kuti kutentha thupi ndi kumwa Dolo 650 (panado wa kwawo) n'kudikira masiku atatu. Malungo a kuno pafupifupi onse ndi a falciparum, mtundu woopsa kwambiri, ndipo mlendo alibe chitetezo chilichonse m'thupi. Masiku atatu amenewo atha kumufikitsa pokomoka. Lamulo likhale limodzi: thupi likatentha, kuyezetsa tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Akapezeka nawo, LA amamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ulendo wachiwiri patatha maola 8, ndi mkaka kapena chakudya cha mafuta kuti alowe bwino m'thupi, ndipo amalize ngakhale apeze bwino. Agone m'masikito. Akapita kutchuthi ku India n'kudwala, auze dokotala kuti achokera ku Malawi. Akasambira ku Salima kapena ku Mangochi, akumbuke likodzo, akayezetse pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Kusiyanitsa kupukwa ndi matenda a maganizo: wopukwa amasangalala zinthu zikachitika, akadya chakudya cha kwawo, akacheza, kenako n'kubwereranso. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa palibe chimene chikumusangalatsa, akudzuka 3 koloko usiku osagonanso, sakudya, akudziona wopanda pake, kapena bambo ayamba kumwa yekha tsiku lililonse, ameneyo akufunika thandizo. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ambiri amamasuka poyankhula m'chiyankhulo chawo, ndiye mlangizi wa ku India pa vidiyo amathandizanso. Akatchula zofuna kudzipha, asasiyidwe yekha, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo muyambe ndi mawu oti "kusagona" kapena "kutopa", chifukwa kwawo monga kuno anthu amachita manyazi ndi dzina la matendawa.

Bambo a Tadala: Kalendala nayo. Masiku a zikondwerero ndi amene amagwetsa munthu amene amaoneka kuti wazolowera, poti foni imadzaza zithunzi za abale atavala zatsopano iye ali pa shifiti. Kwa Atamil: Pongal, chikondwerero cha zokolola, pa 14 kapena 15 Januwale, chaka chatsopano chawo pakati pa Epulo, Deepavali, chikondwerero cha nyale, mu Okutobala kapena Novembala. Pongal imagundana bwino ndi tchuthi cha Chilembwe pa 15 Januwale, ndipo zofunika zake zilipo: mphika wadothi watsopano, mpunga, mkaka, mphodza, nzimbe zikapezeka. Amaphikira pabwalo mpaka mkaka usefukire. Deepavali kuno si tchuthi, ndiye ilembedwe m'kaundula wa tchuthi chake chaka chikamayamba, asachite kupempha ngati mwana.

Kiriketi musaipeputse. IPL, ligi yawo yaikulu ya kiriketi, imaseweredwa kuyambira kumapeto a Malichi mpaka Meyi, masewero a usiku amayamba 7:30 kwawo, kuno 4 koloko, ndipo amaonetsa pa SuperSport. Timu ya Mtamil ndi Chennai Super Kings. Mnzake wa kuntchito amene angapirire kukhala naye maola atatu akufunsa malamulo a masewerowa wachita zambiri kuposa semina.

Nachisale: Zikomo nonse. Funso lomaliza: abwana akuganiza zowatumiza mayi ndi mwana kwawo mwezi umodzi kuti akapume. N'zanzeru?

Nabanda: Pa mwezi wachitatu ine sindingalimbikitse, pokhapokha adokotala atanena. Akapita asanapeze mnzawo ngakhale mmodzi kuno, palibe chowakokera kubwerera, mwana amalowetsedwa sukulu kumeneko "mongoyembekezera", bambo n'kutsala okha ndi maola aja a 7 mpaka 10. Chimene chimakhazika mtima pansi ndi tikiti yogulidwa kale yokhala ndi tsiku, ya banja lonse, ngakhale tsikulo lili miyezi isanu kutsogolo. Njira ina ndi kubweretsa agogo a mwanayo kuno miyezi iwiri.

Mlangizi Kumwenda: Ndipo mantha aakulu amene sanena ndi akuti kholo lidzamwalira iwo ali kuno. Palibe ndege yolunjika ku India. Ethiopian Airlines imadzera ku Addis Ababa kupita ku Mumbai, Delhi, Bengaluru ndi Chennai, koma ya ku Chennai si ya tsiku lililonse. Kenya Airways imadzera ku Nairobi kupita ku Mumbai. Ahindu amatentha thupi tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo mwana wamwamuna ndiye amayatsa moto. Kawirikawiri safika pa nthawi yake, amakapeza miyambo ya masiku otsatira, yomwe imatenga pafupifupi masabata awiri. Ndiye tchuthi cha maliro cha masiku atatu sichikwana. Kontrakiti inene poyera za tikiti yadzidzidzi ndi masiku osachepera 14, ndipo munthu mmodzi kuofesi akhale ndi mphamvu yogula tikitiyo Loweruka usiku osadikira siginecha ya wina.

Pasipoti ikhale m'manja mwa mwini wake, osati mu sefa ya kampani. Mwalamulo ndi katundu wa boma la India, ndipo wolandidwa atha kudandaula kwa kazembe kapena pa tsamba la intaneti la boma la India lolandirira madandaulo, lotchedwa MADAD. Chinanso ndi kadi yachikasu, ya katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa maiko a yellow fever, ndipo India itha kusunga munthu wopanda kadiyo mpaka masiku 6 pofika, makamaka ngati anatuluka pabwalo la ndege n'kugona mumzinda. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 ndipo ndi wa moyo wonse, choncho onse atatu abayitse panopa, kadi aimate ndi pasipoti.

Anaphiri a ku Area 47: Pa tsiku la tikiti ija: Epulo ndi Meyi ku Tamil Nadu kumatentha kufika madigiri 40, ndipo Okutobala mpaka kumayambiriro a Disembala ndi mvula yamphamvu, ndege za ku Chennai zimasokonekera. Julaye ndi Ogasiti zimagwirizana ndi tchuthi chachitali cha sukulu kuno. Akasankha kumapeto a Disembala kuti akadye Pongal kwawo, mwana aphonya sabata imodzi kapena awiri a teremu yachiwiri, apemphe kusukulu msanga, ndipo tikiti igulidwe pofika Seputembala mitengo isanakwere.